Kukonzekeretsa nkhunzi ya mtundu ku chionetsero cha ku Lusaka ndi ku okushoni

Chionetsero chachikulu cha zaulimi ku Lusaka chimayamba kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti n'kukathera pa tsiku la alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti. Nthawi imeneyo udzu umakhala utauma, m'mawa kukuzizira, ng'ombe zambiri za m'midzi zitayamba kuonetsa nthiti. Ndiye mukafika ku Showgrounds, malo a chionetserocho, n'kuona nkhunzi zosalala ngati zadzozedwa mafuta, mumaganiza kuti eni ake ali ndi mankhwala. Palibe mankhwala. Ndinagwira ntchito zaka zingapo pa famu ina ya ng'ombe za Boran cha ku Chisamba, ndipo zomwe ndilembe panozi ndi zimene tinkachita chaka ndi chaka. Ndikulembera inu amene mwagula misoti yolembetsedwa ingapo ndipo mukufuna kuyamba kugulitsa ng'ombe za mbewu, komanso inu achinyamata amene mwapatsidwa chingwe kuti mutsogolere nkhunzi ya abwana.

Yambani ndi kabuku, osati chakudya

Ng'ombe ya mtundu weniweni ndi imene makolo ake ndi odziwika ndipo analembedwa m'kaundula. Ku Zambia kaundulayu amasunga a Herd Book Society of Zambia, ku Zimbabwe a Zimbabwe Herd Book, ku South Africa kuli SA Stud Book ya ku Bloemfontein yomwe inayamba mu 1905. Nkhunzi ikhoza kukongola chotani, koma yopanda pepala ndi nyama ya ku butchala basi, ndipo mtengo wake amawerengera pa kilogalamu.

Choncho ntchito ya chionetsero imayamba tsiku limene thole labadwa. Lembani tsiku, mayi wake, bambo wake, ndipo liyezeni pa sikelo tsiku lomwelo kapena mawa lake. Tumizani kalata yodziwitsa za kubadwako ku ofesi ya kaundula mwamsanga, chifukwa amaika malire a masiku ndipo mukachedwa mumalipira chindapusa kapena kukanidwa kumene. Liikeni chizindikiro m'khutu, ndipo likakula mulidinde chidindo cha moto monga bungwe la mtunduwo likufunira: zilembo za khola lanu, chaka chobadwa ndi nambala yake. Muliyezenso likamasiya kuyamwa, cha pa masiku 200, kenako pa masiku 400 ndi 600. Manambala amenewa ndi amene amapita m'kompyuta n'kutulutsa zija amati EBV, zosonyeza zomwe nkhunziyo ingapatsire ana ake. Ngati munali ndi nkhunzi ziwiri m'gulu limodzi la zazikazi, musalote kuti bambo ndi uti. Zulani ubweya wa kumchira ndi mizu yake, pafupifupi 30, muutumize akaupime DNA.

Sankhani cha m'ma Epulo, ndipo musachite chisoni

Pakatsala miyezi inayi, lowetsani nkhunzi zonse za msinkhu m'khola limodzi. Muziyang'ane zikuyenda, osati zitaima. Nkhunzi yabwino phazi la m'mbuyo limaponda pomwe lakutsogolo lachoka. Yoyenda mothimbwidzika, ya miyendo ya m'mbuyo yowongoka ngati mtengo, kapena ya ziboda zopingasa, ichotseni pomwepo ngakhale ikhale mwana wa ng'ombe imene mumaikonda. Nkhunzi imanyamula thupi lake lonse pa miyendo iwiri ya m'mbuyo ikamakwera, ndipo imayenda mitunda kufunafuna zazikazi. Tsegulani kukamwa muone ngati mano akukumana bwino ndi usinini wa m'mwamba. Yang'anani chikopa cha pamchombo, chija chokuta chida cha nkhunzi: chikalendewera kwambiri chimalasidwa ndi minga ndi ziputu, ndipo ili ndi vuto lodziwika pa ng'ombe za linunda monga Brahman.

Kenako funsani za mayi wake. Amabereka chaka chilichonse? Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, za linunda zimapitirirako pang'ono, ndiye mayi amene amatenga masiku ochepera 400 pakati pa thole ndi thole linzake ndi wabwino. Wogula wodziwa amayamba kuwerenga nambala imeneyi asanayang'ane n'komwe nkhunziyo.

Yaukali isiyeni kunyumba, ndipo ndinganene kuti muifule. Ukali umapita kwa ana, ndipo amene adzavulale ndi kamnyamata koweta ka kwa wogula.

Kudyetsa: apa ndi pamene ambiri timalakwa

Ndikhalitsapo pang'ono pamenepa chifukwa ineyo ndinaonongapo nkhunzi. Inali ya zaka ziwiri, yofiirira, ya khosi lakuda, yabwino kuposa zonse za chaka chimenecho. Ndinkafuna ikaoneke yodzaza, ndiye ndinaiwonjezera chimanga chogaya mofulumira, mlungu umodzi wokha kuchoka pa kambale kufika pa ndowa. Inayamba kutsegula m'mimba, kenako kumaima ngati yaponda makala. Ziboda zinatupa m'kati ndipo pambuyo pake zinamera zokhota. Sinapite ku Lusaka, sinakwerepo ng'ombe ngakhale imodzi. Mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandipweteka, chifukwa inalibe vuto lililonse kupatula dzanja langa.

Chifu cha ng'ombe chimagaya chakudya mothandizidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono tozolowera udzu. Mukathira chimanga chambiri mwadzidzidzi, m'chifumo mumachita asidi, ndipo poizoni wake amakafika mpaka ku ziboda. Tizilomboto timafuna milungu iwiri kapena itatu kuti tizolowere. Yambani ndi kilogalamu imodzi patsiku, muziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo chakudya cha m'thumba chisapitirire kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake. Nkhunzi ya makilogalamu 500 ndiye kuti makilogalamu 5, ogawa pawiri, m'mawa ndi madzulo. Udzu wouma wabwino usachoke m'modyeramo usana ndi usiku. Madzi akhale oyera ndi ochuluka; nkhunzi yaikulu imamwa malita 50 kapena kuposa kukatentha.

Madeya, molasesi, keke wa mpendadzuwa kapena wa soya, mchere ndi zolimbitsa mafupa, zonsezi n'zabwino. Keke wa njere za thonje ndi wotchipa koma musachulutse kwa nkhunzi, chifukwa njere za thonje zili ndi gossypol yemwe amaononga umuna. Ngati mumaika chonyambita chokhala ndi yureya, chitetezeni ku madzi. Ng'ombe ikamwa madzi osungunukamo yureya imafa m'maola ochepa.

Mulingo ndi uwu: nthiti musazione ndi maso, koma mukasisita ndi dzanja muzizimva. Mukaona mafuta atatupa m'mbali mwa tsinde la mchira ndi pachifuwa, mwapyola. Mafutawo amakadzazanso pakhosi pa thumba la machende, pamene machende amayenera kukhala ozizirirapo kuposa thupi kuti apange mbewu yamoyo. Nkhunzi yonenepa kwambiri ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikudziwa kuti ogula ena amakopeka ndi mafuta, ndipo nthawi zina yonenepa imagulidwa modula. Koma ikafika kutchire kwa wogula imasungunuka m'miyezi iwiri, zazikazi zimakhala zosatenga bere, ndipo chaka chamawa munthuyo amadutsa khola lanu osaima.

Muziziyendetsa tsiku lililonse, kilomita imodzi kapena awiri. Njira yosavuta ndi kuika madzi kutali ndi modyera.

Kuphunzitsa chingwe

Nthawi yabwino yoyambira ndi pamene thole langosiya kuyamwa, likadali lopepuka moti anthu awiri angathe kuligwira. Livekeni chingwe cha kumutu, chodutsa pamwamba pa mphuno ndi kuseri kwa makutu, mulimange pa mtengo wolimba kwa mphindi 20 kapena 30, mfundo yake ikhale yomasuka ndi kukoka kamodzi. Musachokepo. Limadzigwetsa, limakoka, ndipo likhoza kudzipotokola khosi. Masiku oyamba ingoimani pafupi, muzilankhula nalo, muzilipesa ndi bulashi kuyambira paphewa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Likasiya kulimbana ndi chingwe, yambani kulitsogolera kupita kumadzi, pakuti kumeneko limafuna kupita kale. Muziyenda kumanzere kwake, pafupi ndi mutu, ndipo chingwe musachikulunge padzanja ngakhale tsiku limodzi.

Ng'ombe za Boran zimakonda kukhala pagulu, ndiye kuphunzitsa ziwiri kapena zitatu pamodzi kumaphweka kusiyana ndi imodzi. Ndodo yomenyera isapezeke pafupi. Ng'ombe za linunda siziiwala munthu amene anazizunza.

Zionetsero zambiri zimafuna kuti nkhunzi yopitirira chaka ikhale ndi mphete pamphuno. Iboolereni pakadali milungu 6 kapena kuposa kuti bala lipole. Mphete ndi buleki ya pangozi. Chotsogolera ndi chingwe cha kumutu. Iphunzitseni kuima miyendo inayi itayalana bwino, mutu uli m'mwamba, pogwiritsa kandodo kakatali kokankhira phazi pang'ono ndi kukanda pamimba. Mwezi womaliza ikani wailesi m'khola mokweza, itanani ana adzathamange chapafupi, kupizani nsalu. Ku Showgrounds kumakhala zimkuzamawu, magulu oimba ndi anthu miyandamiyanda.

Dokotala wa ziweto ndi mapepala

Pakatsala milungu 6 mpaka 8 itanani dokotala. Adzayeza kuzungulira kwa thumba la machende ndi tepi. Pa nkhunzi ya zaka ziwiri ogula amayembekeza masentimita 32 mpaka 34 kapena kuposa, ndipo bungwe la mtundu uliwonse lili ndi malire ake malinga ndi msinkhu kapena kulemera. Adzatenga umuna n'kuuona pa makina, kufuna kuti mbewu zosachepera 70 pa 100 zikhale zoumbika bwino. Adzatsuka m'chikopa cha pamchombo kufufuza trichomoniasis ndi vibriosis, matenda opatsirana pokwerana amene amachotsa mabere mwakachetechete. Adzatenga magazi oyeza brucellosis, nthenda inanso yochotsa mabere, ndi kubaya pakhungu kuyeza TB, n'kubweranso pakatha maola 72 kudzaona ngati patupa. Ikalephera mayeso a umuna chifukwa inadwala malungo posachedwa, musataye mtima: mbewu yatsopano imatenga masiku pafupifupi 60 kupangika, n'chifukwa chake ndikuti muyambe msanga. Msoti wogulitsa ngati wabere nawonso dokotala aupime ndi kulemba miyezi.

Katemera wa anthrax, blackleg ndi wa zotupa za pakhungu akhale wa chaka chomwecho, ndipo musabaye mlungu wa ulendo. Dibi isadumphe. Chilolezo choyendetsera ziweto chimachokera ku ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu, ndipo apolisi amatsimikiza kuti ng'ombezo si zakuba. Muzifunsa kawirikawiri ngati njira ili yotsegula, pakuti matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka boma limatseka tsiku lomwelo. Mu Ogasiti 2022 dziko la South Africa linaletsa kuyendetsa ng'ombe m'dziko lonse kwa masiku 21 pa chifukwa chomwechi. Fomu yolowera chionetsero ndi ya kabuku ka okushoni, kolemba ng'ombe zogulitsidwa, zimatsekedwa milungu ingapo tsiku lisanafike. Onetsetsani kuti mwalemba gulu loyenera msinkhu wake.

Za ziboda: ngati zatalika chifukwa chokhala pofewa, zisemeni pakadali mwezi. Ngati zakhota chibadwire, kusema n'kubisa chilema chimene chidzatuluke mwa ana.

Ulendo ndi kufika

Pansi pa lole thirani mchenga ndi udzu kuti zisaterereke. Nkhunzi zosadziwana musaziike chipinda chimodzi. Nyamukani m'mamawa, zitadya udzu koma osati chakudya chambiri cha m'thumba. Tengani chakudya chanu chomwe, ndowa zanu, ndi udzu wa kwanu. Madzi a mumzinda amanunkha mankhwala ndipo ng'ombe zina zimawakana mpaka m'mimba kuphwa. Ife tinkathira molasesi pang'ono m'madzi kwa mlungu umodzi tisananyamuke, n'kukathiranso chimodzimodzi tikafika. Musamwetse pa chomwera cha onse.

Fikani kukadali tsiku limodzi kapena awiri. Isambitseni dzulo lake dzuwa lili pamutu, mutsukuluze sopo yense, madzi asalowe m'makutu. Ng'ombe za kuno n'za ubweya waufupi, sizifuna zometa ndi zopopera zija amachita ku Britain; bulashi ya tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri ndi imene imawalitsa. Munthu mmodzi agone pafupi nazo.

M'bwalo

Valani ovolosi yoyera bwino kapena yunifomu imene bungwe lanena, nambala ioneke. Mumayenda mozungulira monga muvi wa wotchi, kuti ng'ombe ikhale pakati pa inu ndi woweruza, aziiona yonse. Tsatirani zimene wothandizira wake akulozerani. Siyani mpata wa ng'ombe imodzi pakati pa inu ndi wakutsogolo. Diso limodzi pa nkhunzi, lina pa woweruza. Mukaima, sankhani pamene miyendo yakutsogolo ili pokwererapo, osati m'kadzenje. Akafunsa tsiku lobadwa kapena kulemera, yankhani mwachidule ndi moona; mano amaulula msinkhu, awiri oyamba achikulire amatuluka cha pa zaka ziwiri.

Woweruza akamaliza amafotokoza chifukwa chimene waika iyi patsogolo pa iyo. Mvetserani ngakhale muli kumapeto kwa mzere, ndipo mukam'peze pambuyo pake mumufunse mwaulemu. Maphunziro amenewa sagulidwa. Koma riboni muidziwe kukula kwake: ndi maganizo a munthu mmodzi pa tsiku limodzi. Alimi a Bonsmara, mtundu umene Pulofesa Jan Bonsma anaupanga ku Mara ku South Africa posakaniza Afrikaner, Hereford ndi Shorthorn, salola n'komwe ng'ombe zawo kupikisana m'bwalo. Amasankha ndi sikelo ndi diso la oyendera. Ine chionetsero ndimachikonda, chifukwa ndi pamene mlimi wa ku Mkushi, wa ku Mazabuka ndi wa ku Chipata amaona khola lanu tsiku limodzi. Phindu lake lenileni lili kumakola, kumene anthu amaima n'kumafunsa. Pakhale munthu wodziwa kuyankha nthawi zonse, ndi chikwangwani cholemba makolo ndi makilogalamu a nyama iliyonse.

Okushoni

Amene munagulitsapo fodya ku Kanengo mukudziwa liwiro la woitanira mitengo. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ogula amakhala atasankha kale. Kabuku kamatuluka milungu ingapo m'mbuyo, ndipo masiku ano zithunzi ndi mavidiyo zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, ena n'kumapikisana pa intaneti ali kwawo. Jambulani nkhunzi cham'mbali, dzuwa lili kumbuyo kwanu, kamera ili pa msinkhu wa nthiti zake, ndi kavidiyo koonetsa ikuyenda kubwera ndi kupita. Imbirani foni amene anagulapo kwa inu.

Werengani malamulo a malondawo musanasaine: komishoni ndi zingati pa 100, ndani alipira mayendedwe, ndalama mulandira liti, ndipo nkhunzi ikapezeka yosabereka mudzabweza motani. Kawirikawiri nyundo ikangogunda, ngozi iliyonse imakhala ya wogula, koma onani zimene zalembedwa.

Mtengo wotsikitsitsa umene mungalole muuwerengere kunyumba, mutu uli wozizira. Yambani ndi zimene abutchala angakupatseni pa kulemera kwake, onjezani chakudya cha miyezi inayi, dokotala, kaundula, lole ndi komishoni. Muuzeni woitanira mitengo nambalayo malonda asanayambe. Mukaukweza kwambiri chifukwa cha riboni, nkhunzi imabwerera kunyumba kukadya chakudya china, ndipo anthu amaikumbukira ngati ija inakanika. Musatume mnzanu kukakweza mitengo mwachinyengo. Alimi a mbewu ndi ochepa, amadziwana, ndipo nkhani zotere zimafika patali.

M'mawa wa malonda imani pakhola ndi mapepala a dokotala m'manja. Nenani zoona, ngakhale zimene sanafunse. Chachikulu ndi nkhupakupa. Nkhunzi yokulira pa famu yothira dibi mlungu uliwonse ilibe chitetezo, ndipo ikapita kudera la matenda a nkhupakupa, la East Coast fever monga kum'mawa kwa Zambia, kapena la heartwater ndi redwater, ikhoza kufa mwezi usanathe. Funsani wogula kumene akuipititsa ndipo mumuuze akambirane ndi dokotala wa kwawo isanakwere lole. Wochokera ku Malawi amene akufuna kudutsa nayo pa Mwami kulowa ku Mchinji ayenera kukhala ndi chilolezo cha dipatimenti ya zaziweto ku Lilongwe asanakweze dzanja, osati atagula kale. Ndipo ngati zazikazi zake ndi zing'onozing'ono za Angoni kapena Malawi Zebu, mulozereni nkhunzi imene inabadwa yopepuka, kuti misoti yake isavutike pobereka, ngakhale itakhala yotsika mtengo kuposa imene iye waikonda. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo; chidindo chili pantchafu paja ndi dzina lanu.

Musatulutse ng'ombe chifukwa cha uthenga wa pafoni woti ndalama zatumizidwa. Dikirani kalata ya ofesi ya okushoni. Ikatuluka, sainani fomu yosinthira umwini ku kaundula mlungu womwewo.

Pambuyo pake

M'patseni wogula thumba limodzi kapena awiri a chakudya chimene nkhunziyo yazolowera, achepetse pang'onopang'ono kwa milungu itatu. Aiike pamodzi ndi ng'ombe ina yofatsa, osati yokha, ndiponso osati ndi nkhunzi yaikulu ya pakhomopo. Ya zaka ziwiri aipatse zazikazi 20 mpaka 25 chaka choyamba. Lembani pa pepala tsiku la dibi yomaliza, mankhwala ake ndi katemera yense.

Zimene zabwerera kunyumba, zopambana ndi zosagulidwa zomwe, zikhale m'khola lapadera milungu itatu kapena inayi, ndi ndowa zawozawo, muziyeza kutentha kwa thupi zikaoneka zofooka. Zapumira mpweya umodzi ndi ng'ombe za m'zigawo zonse.

Pakatha mwezi muimbireni wogula mumve ngati ikudya ndi kuyenda bwino. Muimbireninso pakatha chaka, matole atayamba kugwa, mufunse kuti abadwa angati, olemera bwanji, ndipo ngati panali msoti wovutika pobereka. Mayankhowo muwalembe m'kabuku kanu kolembamo matole kaja, pa tsamba la mayi wa nkhunziyo, chifukwa mu Epulo mudzakhala mutaimanso pakhola mukuyang'ana mng'ono wake.